Jakisoni Wobaya Khoswe Ataphunzira Kale: Ntchito ya James McGaugh

Tiyerekeze kuti mwabaya khoswe jakisoni wa mankhwala enaake, kenako mwamuika m'bokosi la tinjira tokhotakhota kuti afunefune chakudya, ndipo iye waidziwa njira msanga kuposa anzake amene sanabayidwe. Kodi mwapeza mankhwala othandiza kukumbukira? Mwina. Komanso mwina mankhwalawo angomuwonjezera njala, ndiye akufunafuna mwakhama. Mwina amuchotsa mantha, kapena amutsegula maso ndi mphuno, kapena angomupatsa mphamvu m'miyendo. Zonsezi zimatulutsa nambala imodzimodzi pa pepala lanu: khoswe wafika pa chakudya msanga. Khoswe salankhula, simungamufunse kuti wakumbukira chiyani. Chomwe mumaona ndi zochita zake basi, ndipo zochita za nyama zimasintha pa zifukwa zambirimbiri zosakhudzana n'komwe ndi kukumbukira.

James McGaugh anagwira ntchito zaka zoposa 50 pothana ndi vuto limeneli, ndipo njira yake yonse yagona pa chinthu chimodzi chooneka chaching'ono: nthawi yobayira jakisoni.

Anabadwa mu 1931 ku Long Beach, California, anaphunzira ku San Jose State, n'kudzatenga digiri ya udokotala wa maphunziro a saikoloje ku yunivesite ya California ku Berkeley mu 1959. Ali komweko anapeza lipoti lakale la Karl Lashley la mu 1917, lonena kuti makoswe opatsidwa strychnine pang'ono ankadziwa njira msanga. Strychnine ndi poizoni woopsa yemwe kale ankaphera makoswe ndi nyama zolusa. Akachuluka amakokana minofu yonse mpaka munthu kapena nyama kulephera kupuma. Koma pa mlingo wochepa kwambiri amangodzutsa mitsempha. McGaugh ndi mnzake Lewis Petrinovich anabwereza kafukufukuyo ndipo mu 1959 anatsimikiza kuti Lashley sananame. Chomwe chinatsala ndi funso lomwe lija: khoswe wobayidwa asanalowe m'bokosi, wakumbukira bwino kapena wangochangamuka?

Yankho analipeza mbali ina. Mu 1900 Ajeremani awiri, Georg Müller ndi Alfons Pilzecker, anaona kuti munthu akaloweza mndandanda wa mawu kenako n'kupatsidwa wina nthawi yomweyo, woyamba uja umasokonekera. Akapuma kaye, umakhala. Anaganiza kuti zomwe taphunzira kumene zimatenga nthawi kuti zikhazikike mu ubongo. Zili ngati njerwa yongoumbidwa: mvula ikagwa tsiku lomwelo imaphwasuka, koma ikauma n'kuotchedwa, mvula ilibenso nayo mphamvu. Mu 1949 Carl Duncan anaonetsa zomwezo pa makoswe. Ankawaphunzitsa, kenako n'kuwadutsitsa magetsi m'mutu okomola nawo. Magetsi akabwera patangopita masekondi kapena mphindi zochepa, makoswe sankaphunzira kanthu. Akabwera patapita ola limodzi kapena kuposa, sankasokoneza. McGaugh anangotembenuza ganizolo. Ngati njerwa yaiwisi ingaphwasulidwe, ndiye kuti ingathenso kulimbitsidwa pa nthawi yomweyo. Choncho musabaye khoswe asanaphunzire. Mulekeni aphunzire ali bwinobwino, wopanda mankhwala alionse m'thupi, ndiye mumubaye akangotuluka m'bokosi, n'kudzamuyesa mawa kapena mkuja mankhwala atatha m'magazi.

Taonani zomwe kusintha kumeneku kukuchotsa. Pophunzira, khoswe analibe mankhwala, choncho simunganene kuti anaona bwino kapena anali ndi njala yambiri. Poyesedwa, analibenso mankhwala, choncho simunganene kuti miyendo ndiyo yapepuka. Mankhwala anagwira ntchito pa nthawi imene khoswe anali chogona m'khola mwake, osachita chilichonse. Ngati mkuja akuchita bwino kuposa anzake, chomwe mankhwalawo anakhudza ndi ntchito ya mu ubongo yosunga zimene zangochitika. Strychnine wobayidwa pambuyo anathandizadi. Mankhwala ena odzutsa mitsempha anachitanso chimodzimodzi: picrotoxin, kenako pentylenetetrazol ndi amphetamine. Ndipo mphamvuyo inkachepa jakisoni akachedwa, mpaka kutheratu. Atakaphunzira zambiri za mankhwala ku Rome kwa Daniel Bovet, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 1957, ndi kuphunzitsa ku Oregon, McGaugh anapita ku yunivesite yatsopano ya California ku Irvine mu 1964 kukayambitsa dipatimenti ya psychobiology, maphunziro a mmene ubongo umayendetsera zochita za nyama ndi anthu. Mu 1966 anasonkhanitsa umboni wonsewu mu nkhani ya m'magazini ya Science, ndipo njira yobaya pambuyo inafalikira m'malabotale ambiri.

Njirayi imafuna phunziro lomwe khoswe angalimve kamodzi kokha. Njira zokhotakhota zimatenga masiku ambiri, ndiye simungadziwe mphindi yeniyeni imene khoswe waphunzira. N'chifukwa chake ntchito yambiri ya ku Irvine inachitikira m'kabokosi kamodzi kosavuta, kotchedwa inhibitory avoidance, ndipo n'koyenera kukafotokoza bwino chifukwa zolakwika zambiri zimabadwira momwemo.

Bokosilo ndi lalitali masentimita 91, lakuya masentimita 15, lotambalala masentimita 20 pamwamba koma 6.4 okha pansi, ngati chodyeramo ng'ombe. Chitseko chotsetsereka chimaligawa pawiri: chipinda chowala cha masentimita 31 ndi chipinda cha mdima cha masentimita 60, chomwe makoma ake ndi malata awiri achitsulo osakhudzana. Kupanikiza kwa pansiko kuli ndi cholinga. Khoswe sangaime m'chipindacho osaponda malata onse awiri, ndipo magetsi amadutsa pokhapokha akaponda onse. Mumatenga khoswe, kawirikawiri wamwamuna wa mtundu wa Sprague-Dawley wolemera magalamu 300 kapena chapamenepo, n'kumuika m'chipinda chowala atafulatira chitseko. Akatembenuka mumatsegula. Khoswe amadana ndi kuwala, ndiye sachedwa kulowa mu mdima. Nthawi imene watengayo mumailemba. Miyendo yonse inayi ikalowa mumatseka chitseko n'kumupatsa magetsi kumapazi kamodzi, pafupifupi theka la miliampu (muyeso wa mphamvu ya magetsi) kwa sekondi imodzi. Pakapita masekondi 15 mumamutulutsa, kumubaya, n'kumubwezera m'khola. Pakatha maola 48 mumamuikanso m'chipinda chowala n'kuwerenga masekondi amene atenge asanalowe mu mdima. Magetsi kulibe ulendo uno. Akafika masekondi 600 asanalowe mumamutulutsa n'kulemba 600.

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Ngati magetsi achuluka, makoswe onse, obayidwa mankhwala ndi a gulu lofananitsira obayidwa madzi a mchere okha omwe, amakana kulowa mpaka 600, ndipo simungaonenso kusiyana chifukwa onse agunda denga. Ngati achepa kwambiri, onse amalowa ngati sikunachitike kanthu. Wofuna kuona mankhwala olimbitsa kukumbukira amasankha magetsi ofooka, oti gulu la madzi a mchere likumbukire pang'ono chabe. Wofuna kuona mankhwala oiwalitsa amasankha amphamvuko. Mlingo umenewu sukopedwa m'buku la labotale ina. Umayesedwa kaye pa gulu laling'ono, ndipo umayesedwanso makoswe akachokera kwa wogulitsa wina kapena akakula. Mkodzo ukatsala pa malata umalumikiza mbali ziwirizo, magetsi n'kudutsa mu mkodzo m'malo mwa mapazi, ndiye khoswe wotsatira amalandira ochepa kuposa omwe mwalemba. Fungo la khoswe wamantha limakhalanso m'bokosi ndipo wotsatira amalimva. Kupukuta ndi kuumitsa bokosi khoswe aliyense akatuluka ndi mbali ya kafukufuku, si ukhondo chabe.

Denga la 600 lija limasokonezanso masamu. Makoswe asanu akaima pa 600 sizitanthauza kuti onse akukumbukira mofanana. Wina akanalowa pa 610, wina sakanalowa tsiku lonse. Avereji ya nambala zotere imanama, n'chifukwa chake malipoti ambiri a bokosili amapereka nambala ya khoswe wapakati pa gulu. Ndipo wowerenga masekondi asadziwe kuti khoswe uyu anabayidwa chiyani, pakuti kuweruza kuti mwendo wachinayi walowa kapena ayi kumatsata mtima wa wogwira wotchi.

Pali magulu awiri owonjezera omwe kafukufuku wabwino sasiya. Loyamba limabayidwa mankhwala omwewo koma patapita maola angapo. Ngati nalonso likuchedwa kulowa mu mdima, ndiye kuti mankhwala akadali m'thupi tsiku loyesa kapena avulaza khoswe, ndipo nkhani ya kukumbukira yatha pamenepo. Lachiwiri limalowa mu mdima osalandira magetsi, n'kubayidwa. Mankhwala ena amadwalitsa, ndipo khoswe amatha kugwirizanitsa chipinda cha mdima ndi nseru yomwe inabwera pambuyo pake. Khoswe wotere amakana kulowa, inu n'kusangalala kuti mwapeza mankhwala a kukumbukira pamene mwangomupatsa chilango chachiwiri.

Pofika zaka za m'ma 1970 funso linasintha. Ubongo sunapangidwe kuti uzidikira strychnine. Ngati pali mpata wa mphindi kapena maola pamene zophunzira zingalimbitsidwe, ndiye kuti thupi lili ndi chake chomwe limagwiritsa ntchito pa mpatawo. Paul Gold, yemwe ankagwira ntchito mu labotale ya McGaugh, pamodzi ndi Roderick van Buskirk anayesa adrenaline mu 1975. Adrenaline ndi homoni yomwe imatuluka m'tiziwalo ta pamwamba pa impso nyama ikadzidzimuka, yomwe imathamangitsa mtima. Anaphunzitsa makoswe ndi magetsi ofooka, n'kuwabaya adrenaline pansi pa khungu akangotuluka. Makoswewo anakumbukira ngati alandira magetsi amphamvu. Jakisoni wochedwa maola awiri sanachite kanthu.

Mlingo wake ndi wophunzitsa zambiri. Wothandiza kwambiri unali pafupifupi mamiligalamu 0.1 pa kilogalamu, kutanthauza mamiligalamu 0.03 kwa khoswe wa magalamu 300. Wochepa kuposa pamenepo sunkachita kanthu, ndipo wochuluka kwambiri sunkathandizanso. Mukajambula pa galafu mumapeza kaphiri: kukwera, pansonga, kutsika. Choncho woyesa mlingo umodzi wokha n'kulengeza kuti mankhwala sagwira ntchito sananene kanthu. Mwina anali kutsidya kwa phiri. Mwambo ndi kuyesa milingo itatu kapena inayi yotalikirana katatu kapena kakhumi. Nsonga ya phiriyo imasunthanso. Mlingo womwe umalimbitsa kukumbukira pambuyo pa magetsi ofooka umatha kuiwalitsa pambuyo pa magetsi amphamvu, chifukwa khoswe watulutsa kale adrenaline wake wambiri ndipo wanuyo wangomukankhira kutsidya. Komanso adrenaline amawonongeka ndi kuwala ndi mpweya. Botolo likayamba kufiirira, mlingo womwe mwalemba si womwe mukubaya. Amasungunulidwa tsiku lomwelo.

Koma panali chododometsa. Adrenaline wa m'magazi salowa mu ubongo mosavuta, chifukwa timitsempha ta magazi ta mu ubongo tili ndi mpanda wothina. Nanga amakhudza bwanji kukumbukira? Zaka zoposa khumi zinathera pa funso limeneli. Sotalol, mankhwala otseka malo amene adrenaline amagwira koma osalowa mu ubongo, anathetsa mphamvu ya adrenaline pa kukumbukira, kusonyeza kuti uthenga umayambira kunja kwa ubongo. Umakwera ndi mtsempha wa vagus kukafika pa kagawo ka m'munsi mwa ubongo kotchedwa nucleus of the solitary tract, ndipo kuchokera pamenepo noradrenaline, mbale wake wa adrenaline, amatulutsidwa mu amygdala, kagawo ka mkati mwa ubongo kokhudzana ndi mantha ndi kudzidzimuka. Gold anatsata njira inanso, yoti adrenaline amatulutsa shuga m'chiwindi ndipo shugayo amathandiza ubongo. Anaonetsa kuti shuga yekha wobayidwa pambuyo amalimbitsa kukumbukira, ndi kaphiri komwe kaja. Njira ziwirizi sizitsutsana.

Kuti mutsimikize za amygdala muyenera kuthira mankhwala mu amygdala momwemo, osati m'thupi lonse, ndipo iyi ndi ntchito ya manja. Amygdala ya khoswe ndi kagawo ka mamilimita ochepa, kumanzere ndi kumanja, mkati mwenimweni chakumunsi. Khoswe amagonetsedwa ndi mankhwala, mutu wake n'kumangidwa pa chimango chotchedwa stereotaxic: timitengo tiwiri tachitsulo m'makutu ndi kachitsulo kogwira mano akutsogolo. Mukatsegula khungu mumaona pamene mizere ya mafupa a chigaza imakumana chakutsogolo, malo otchedwa bregma. Miyeso yonse imayambira pamenepo, motsatira mapu a ubongo wa khoswe a George Paxinos ndi Charles Watson, omwe anatuluka koyamba mu 1982. Pofuna gawo la amygdala lotchedwa basolateral amygdala, ku Irvine ankabwerera m'mbuyo mamilimita 2.8 kuchokera pa bregma, kupita m'mbali mamilimita 5.0 uku ndi uku, n'kutsitsa kachubu kachitsulo ka geji 23 mamilimita 6.5. Nsonga ya kachubuko imaima mamilimita 2 pamwamba pa malo enieni, dala, kuti isawononge gawo lomwe mukufuna kuyesa. Timachubu timamangidwa ndi simenti ya madokotala a mano pa tizomangira tiwiri tolowa m'chigaza, ndipo mkati mwake mumaikidwa kawaya kotseka kuti magazi asaundanemo. Khoswe amapuma sabata yathunthu, ndipo masiku atatu omaliza amagwiridwa m'manja mphindi imodzi patsiku kuti azolowere.

Tsiku lophunzira, akangotuluka m'bokosi, mumachotsa kawaya n'kulowetsa singano yopyapyala ya geji 30 yopitirira kachubu ndi mamilimita 2 aja. Pampu imakankha mamaikulolita 0.2 mbali iliyonse pa theka la mphindi kapena chapamenepo, ndipo singano imasiyidwa masekondi ena 20 isanazulidwe. Maikulolita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a mililita, ndiye tikunena za kadontho kosaoneka bwino ndi maso. Kuchepako kuli ndi chifukwa: pafupi pomwepo pali gawo lina, central amygdala, yomwe ntchito yake ndi ina, ndipo mukathira maikulolita yathunthu mankhwala amafika konsekonse, osadziwanso kuti agwira pati. Mukazula singano msanga, madzi amabwerera m'mwamba motsata njira ya singano. Kuti mudziwe kuti madzi akuyendadi, mumasiya kathovu ka mpweya m'kapaipi n'kumakayang'ana. Kakaima, singano yatsekeka ndipo khoswe uyo sanalandire kanthu. Mutu ukamangidwa mopendekeka pa chimango, miyeso yonse imasokera, ndipo khoswe wolemera mosiyana kwambiri ndi wa pa mapu amasocheretsanso. Pomaliza penipeni makoswe amaphedwa ndi mankhwala ogonetsa ochuluka, ubongo umadulidwa tizidutswa topyapyala, kupakidwa utoto wa cresyl violet, n'kuyang'anidwa pa maikulosikopu. Khoswe aliyense yemwe singano yake inaphonya, mbali imodzi kapena zonse, amachotsedwa m'masamu. Woweruza zimenezi asaone kaye masekondi a khosweyo, kuopa kuchotsa okhawo osokoneza nkhani yomwe akuifuna.

Ndi njira imeneyi, K. C. Liang, R. G. Juler ndi McGaugh anaonetsa mu 1986 kuti propranolol wothiridwa mu amygdala amathetsa mphamvu ya adrenaline wobayidwa m'thupi. Propranolol ndi mankhwala omwewa amene m'zipatala amapatsidwa kwa odwala BP ndi mtima. Amatseka malo amene noradrenaline amagwira. Luso linali kusankha mlingo wochepa woti pawokha usasinthe kukumbukira, pakuti ukanakhala woiwalitsa wokha, wina akanati mwangophatikiza cholimbitsa ndi chofooketsa n'kupeza ziro. Pambuyo pake zinaoneka kuti mankhwala ambiri osiyana amadutsa pa chipata chomwechi. Naloxone, wotsutsana ndi morphine, amalimbitsa kukumbukira, ndipo propranolol mu amygdala amathetsa zimenezo. Diazepam, mankhwala ochepetsa nkhawa, amaiwalitsa, koma osati mwa khoswe yemwe basolateral amygdala yake yawonongedwa. Benno Roozendaal anaonetsa zofanana pa corticosterone, homoni ina ya nkhawa yomwe mwa anthu mnzake ndi cortisol. Mu 2002 Christa McIntyre anayeza noradrenaline weniweni wotuluka mu amygdala khoswe akangolandira magetsi, ndipo makoswe omwe anatulutsa wambiri ndiwo anakana kulowa mu mdima nthawi yaitali tsiku lotsatira.

Kafukufuku yemwe ofufuza atsopano ayenera kumuwerenga kawiri ndi wa mu 2004 wa Shoki Okuda, Roozendaal ndi McGaugh. Munalibe magetsi. Khoswe ankaikidwa m'bokosi lokhala ndi zinthu ziwiri zofanana kwa mphindi zitatu, n'kubayidwa corticosterone, ndipo mawa lake ankapeza chinthu chimodzi chakale ndi china chatsopano; khoswe wokumbukira amanunkhiza chatsopanocho nthawi yaitali. Gulu lina linazoloweretsedwa bokosilo kwa sabata lisanaphunzire, lina linaliona koyamba tsiku lomwelo. Corticosterone anathandiza gulu losazolowera lokha. Mwa makoswe odekha sanachite kanthu, chifukwa popanda kudzidzimuka noradrenaline satuluka mu amygdala. Tanthauzo lake pa ntchito ya tsiku ndi tsiku n'lalikulu: malabotale awiri angabaye mankhwala amodzi, mlingo umodzi, mtundu umodzi wa khoswe, n'kupeza zosiyana chifukwa wina ankagwira makoswe ake m'manja masiku ambiri. Nthawi ya tsiku imalowanso. Khoswe ndi nyama ya usiku, corticosterone wake amakwera mdima ukamayandikira, choncho magulu onse amaphunzitsidwa pa maola omwewo, mosakanikirana, osati la mankhwala m'mawa ndi la madzi a mchere madzulo. Ndipo corticosterone sasungunuka m'madzi. Amayamba wasungunulidwa mu ethanol (sipiriti wa m'mowa) kenako n'kusukulutsidwa, ndiye gulu lofananitsira liyenera kulandira ethanol yemweyo.

Homoni yomweyi imachita zosemphana ikabwera pa nthawi ina. Mu 1998 Dominique de Quervain, Roozendaal ndi McGaugh anaphunzitsa makoswe kupeza kathabwa kobisika m'dziwe la madzi, kenako anawapatsa magetsi kumapazi asanawayese. Magetsi a mphindi 2 asanayesedwe sanasokoneze, a maola 4 sanasokonezenso, koma a mphindi 30 anawaiwalitsa malo a kathabwa. Mphindi 30 ndi pamene corticosterone amakhala pachimake m'magazi. Zomwe anaphunzira sizinafafanizike. Zinangokanika kutuluka pa nthawiyo. Aliyense amene mutu unamuima m'chipinda cha mayeso, mayankho n'kudzabwera ali panja, akuzindikira chithunzichi, ngakhale khoswe wa m'dziwe si mwana wa Fomu 4.

Sikuti onse anagwirizana ndi McGaugh. Joseph LeDoux, Michael Davis ndi Michael Fanselow, pogwiritsa ntchito njira ina yomwe khoswe amamva phokoso linalake kapena kuona kuwala kenako n'kulandira magetsi, ankanena kuti mantha ophunziridwa amasungidwa mu amygdala momwemo. McGaugh ankati amygdala si nkhokwe, ndi kapitawo wouza nkhokwe zina kuti ichi sungani mwamphamvu. Umboni wake wabwino unatuluka mu 1994 ndi Mark Packard ndi Larry Cahill. Anayesa magawo enanso awiri a ubongo, hippocampus ndi caudate. Amphetamine wothiridwa mu hippocampus analimbitsa kukumbukira malo a kathabwa kobisika basi. Wothiridwa mu caudate analimbitsa kukumbukira kathabwa kooneka basi. Wothiridwa mu amygdala analimbitsa zonse ziwiri. Kenako anagonetsa amygdala ndi lidocaine, mankhwala ochititsa dzanzi omwe amabaya pozula dzino, asanayese makoswewo, ndipo kukumbukira kolimbako kunalipobe. Pa ntchito zimenezo amygdala inali itamaliza yake kale. Mkanganowu unatenga zaka, ndipo mbali yaikulu unali wa anthu oyesa zinthu zosiyana ndi mabokosi osiyana. Umboni woti kulumikiza phokoso ndi magetsi kumasintha maselo a mu amygdala ndi wamphamvu, ndipo woti amygdala imalimbitsa zosungidwa kwina ndi wamphamvunso. Chomwe mkanganowu ukuonetsa bwino n'chakuti bokosi lomwe mwasankha limasankhiratu gawo la yankho.

Chofooka china cha ntchito ya nthawi imeneyo, osati ya ku Irvine yokha, n'chakuti pafupifupi makoswe onse anali aamuna. Ofufuza ankaopa kuti mahomoni a makoswe aakazi asokoneza nambala. Bungwe la boma la America lopereka ndalama za kafukufuku wa zaumoyo, la NIH, linayamba kufuna kuti opempha ndalama za kafukufuku aziganizira zazimuna ndi zazikazi zomwe mu 2016, zaka zoposa 50 chiyambire ntchitoyi.

Nanga anthu? Mu 1994 Cahill, McGaugh ndi anzawo anapatsa anthu athanzi mamiligalamu 40 a propranolol kapena piritsi lopanda mankhwala, ola limodzi asanawaonetse zithunzi 12. Ena anamva nkhani wamba yotsagana ndi zithunzizo, ena anamva nkhani yoti mnyamata wagundidwa ndi galimoto n'kuvulala kwambiri. Patatha sabata, omwe anamwa piritsi lopanda mankhwala ankakumbukira bwino gawo lomvetsa chisoni. Omwe anamwa propranolol analibe mwayi umenewo, ngakhale nkhani wamba ankaikumbukira ngati wina aliyense. Onani kuti apa mankhwala anaperekedwa patsogolo, chifukwa piritsi limatenga nthawi kuti lifike m'magazi, ndiye kafukufukuyu alibe ukhondo wa jakisoni wa pambuyo uja. Chomuteteza ndi gulu la nkhani wamba lomwe silinasinthe.

Kuchokera apa madokotala ena anaganiza zopatsa propranolol anthu ongochita ngozi kuti zoopsazo zisakhazikike mopitirira n'kudzawazunza zaka zambiri. Roger Pitman anayesa ku Boston ndipo anafalitsa zotsatira mu 2002: anthu 41, mamiligalamu 40 kanayi patsiku kwa masiku 10, kuyambira pasanathe maola 6 ngozi itachitika. Panali chizindikiro cholimbikitsa pa momwe thupi linkadzidzimukira akakumbutsidwa za ngoziyo patapita miyezi itatu, koma zizindikiro za matenda ozunzika ndi zoopsa zakale (PTSD) sizinasiyane mokhutiritsa pakati pa omwa propranolol ndi omwa piritsi lopanda mankhwala, ndipo kafukufuku wotsatira sanatsimikize kuti mankhwalawa amateteza. Propranolol si womwa mwachisawawa; amatsitsa kugunda kwa mtima ndipo kwa wodwala mphumu amatha kutseka chifuwa. Zifukwa za kulepheraku zingakhale zingapo, koma chimodzi chikuonekeratu mukaika nambala pambali pa nambala. Khoswe wa ku Irvine ankalandira mankhwala ake pasanathe mphindi imodzi chitulukire m'chipinda cha mdima, ndipo jakisoni wa adrenaline wochedwa maola awiri anali atapeza kale chitseko chotseka. Munthu wa ngozi ya galimoto ayenera kutulutsidwa m'galimotomo, kunyamulidwa, kulembetsedwa, kuyezedwa, kufunsidwa ngati akuvomera kulowa m'kafukufuku, n'kumeza piritsi lomwe lidzafike pachimake m'magazi patapitanso ola limodzi kapena awiri.